Lumo Lopinda: Ulendo wa Chitsulo ndi Luso Lonola

Pa misika ya zinthu zakale ya ku England, Germany ndi America, ndiponso pa msika wa pa intaneti wa eBay, pamapezeka chipangizo chimene anyamata ambiri a lero sanachigwirepo: lumo lopinda, lija la chitsulo chimodzi chachitali chimene chimabisala m'chigwiriro chake akamaliza kumeta. Ena mwa malumowa anasulidwa zaka 150 zapitazo, komabe pali anthu amene amawagula, kuwapala dzimbiri, kuwanola, n'kumameta nawo ndevu m'mawa uliwonse. Woonera patali anganene kuti ndi zibwana za anthu osowa kotayira ndalama. Mbiri ya lumoli imanena zina. Pa zaka zikwi zonse zimene munthu wakhala akumeta, funso lalikulu lakhala lakuti ndani ali ndi luso losunga kuthwa kwa chitsulo. Lusoli linayamba lili m'manja mwa wometa, kenako linalowa m'nyumba za anthu, pambuyo pake fakitale inalilanda, ndipo tsopano kagulu kochepa kakulibweza. Mtengo wa lumo lakale sungamveke popanda kulondola ulendo umenewu.

Munthu anayamba kumeta chitsulo chisanadziwike. Zigoba za nkhono za m'madzi, miyala ya nsangalabwi yosemedwa ndi mwala wakuda wonga galasi wa m'mapiri ophulika ndizo ankapalira tsitsi makolo a mitundu yambiri. Ku Iguputo ofukula zakale apeza malumo amkuwa m'manda a zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, ndipo Herodotus, wolemba mbiri wa ku Greece, anasimba kuti ansembe a kumeneko ankameta thupi lonse pafupipafupi poopa nsabwe. Owerenga Baibulo akukumbukira kuti Yosefe, atatulutsidwa m'ndende, anayamba wameta asanakaonekere kwa Farao, poti ndevu zinali chizindikiro cha mlendo kapena wolira. Kumpoto kwa Ulaya, m'dziko limene lero ndi Denmark, amuna ankaikidwa m'manda pamodzi ndi timalumo tamkuwa tojambulidwa zombo, tina tokhala ndi chogwirira chonga mutu wa hatchi. Koma mkuwa ndi wofewa. Umathwa msanga, umabunthanso msanga, moti wometa ankakhalitsa pa mwala kuposa pa chibwano. N'chifukwa chake kuyambira kalekale kumeta kunali ntchito ya munthu wapadera.

Agiriki ndi Aroma anabwera ndi lumo lachitsulo, koma dongosolo linakhala lomwelo. Plutarch analemba kuti Alexander Wamkulu ankalamula asilikali ake kumeta kuti adani asamawagwire ndevu pankhondo. Ometa oyamba a ku Rome akuti anachokera ku Sicily cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, ndipo Pliny anatchula kazembe wankhondo Scipio Aemilianus kuti ndiye anayambitsa kumeta tsiku ndi tsiku. Chitsulo cha nthawiyo chinali chosadalirika, pena cholimba pena chofewa m'lumo limodzi lomwelo, ndipo nkhope ankangoinyowetsa ndi madzi. Mabala ankachuluka moti Pliny yemweyo analemba mankhwala ake: ulusi wa kangaude woviika m'mafuta ndi vinyo wosasa. Wolemera anali ndi kapolo womumeta, wosauka ankadikira pamzere kwa wometa wa pamsika, kumene kunkamvekeranso mphekesera zonse za mumzinda. Kuno kwathu, kumene osula a Amaravi ankayenga chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu, mikondo ndi malumo, mfundo inali yomweyo: pometa maliro kapena pa chinamwali, mutu umametedwa ndi wina wodziwa kugwira lumo. Ku Japan nakonso, lumo lotchedwa kamisori, limene linafala ndi amonke achibuda ometa mpala, ankalinola mosiyana mbali zake ziwiri, m'njira yoyenera dzanja la munthu amene akumeta mnzake.

Ku Ulaya udindo wa wometa unapita ukukula. Popeza ndiye anali ndi chitsulo chakuthwa kuposa onse ndiponso dzanja losanjenjemera, anthu ankapita kwa iye kukazulitsa dzino, kukatumbulitsa chithupsa ndi kukachotsetsa magazi, chimene panthawiyo ankati ndi mankhwala a matenda ambiri. Ku London, mu 1540, Mfumu Henry VIII inavomereza kuti ometa ndi ochita opaleshoni akhale m'bungwe limodzi, ndipo anadzasiyana mu 1745. Mtengo wa mizere yofiira ndi yoyera umene umaima pakhomo pa malo ometera m'mayiko ambiri ndi chotsalira cha nyengo imeneyo.

Kusintha kwenikweni kunachitikira ku Sheffield, kumpoto kwa England. Tauniyi inali ndi zonse zimene wosula mipeni amafuna: mitsinje yothamanga ya Don, Sheaf, Rivelin, Loxley ndi Porter yozunguza magudumu onolera, miyala yamchenga m'mapiri oyandikana yosemera magudumuwo, malasha pansi pa nthaka, ndi chitsulo chabwino cha ku Sweden chimene chinkabwera pa zombo kudzera pa doko la Hull. Amisiri a mipeni anali ndi bungwe lawo lovomerezeka kuyambira 1624, ndipo pofika 1680 lumo lopinda linali kale pa mndandanda wa katundu wawo. Chimene chinkasowabe chinali chitsulo chofanana paliponse, chopanda malo ofewa. Amene anachipeza sanali wosula malumo ayi. Benjamin Huntsman anali wokonza mawotchi wa ku Doncaster amene ankadandaula ndi masipuling'i osachedwa kuthyoka. Cha m'ma 1740, atasamukira ku Handsworth pafupi ndi Sheffield, anapeza njira yosungunula chitsulo m'miphika yadothi yotsekedwa pa moto woopsa wa malasha, kotero kuti zonyansa zinkayandama n'kuchotsedwa ndipo chotsalacho chinkasakanikirana bwino. Amisiri a ku Sheffield poyamba anachikana, amvekere n'cholimba kwambiri pa nyundo. Huntsman anachigulitsa ku France, ndipo anzakewo anagonja ataona mipeni ya Afalansa ikuwalanda msika.

Chitsulo chatsopanochi chinachititsa kuti lumo lizisunga kuthwa kwa nthawi yaitali, ndipo kapangidwe kake kanachita mbali ina yofunika koposa. Msana wa lumo lopinda ndi wochindikala mwadala. Ukaligoneka pa mwala, msana ndi mbali yakuthwa zikukhudza pamodzi, lumo limadzipezera lokha kapendekedwe koyenera, pakati pa madigiri 15 ndi 20, popanda wonola kuyerekeza ndi diso monga achitira ndi mpeni wa kukhitchini. Ndiye kuti gawo lina la luso la wometa linasulidwira m'chitsulo momwemo, ndipo munthu wamba akanatha kuphunzira lotsalalo. Sizodabwitsa kuti cha m'ma 1770 mmisiri wa mipeni wa ku Paris, Jean-Jacques Perret, anasindikiza kabuku kophunzitsa amuna kudzimeta okha, kunola ndi kusamala lumo. M'zaka zotsatira, tebulo la bambo wa kumeneko linadzaza ndi zipangizo: lamba wachikopa wopukutirapo lumo m'mawa uliwonse kuti mbali yakuthwa iwongoke, burashi yopakira thovu la sopo, ndi mwala wonolera wa kamodzikamodzi. Mwala wotchuka unali wachikasu wa ku Vielsalm ku Belgium, umene uli ndi timiyala ting'onoting'ono tolimba todya chitsulo mofatsa, ndipo ukukumbidwabe mpaka lero. Olemera ankagula kabokosi ka malumo asanu ndi awiri, lililonse litalembedwa tsiku lake la mlungu, pokhulupirira kuti chitsulo chimafuna kupuma.

Zaka za m'ma 1800 ndizo zinali nyengo yokolola ya Sheffield, ndipo maina amene ogula a lero amawasaka anatchuka nthawi imeneyi. Joseph Rodgers & Sons, a chidindo cha nyenyezi ndi mtanda, anasankhidwa kukhala osulira Mfumu George IV kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1820. George Wostenholm, wa chidindo cha I*XL, ankadalira msika wa ku America kotheratu moti fakitale yake anaitcha Washington Works. Wade & Butcher anatumiza kutsidya kwa nyanja malumo aakulu, olemera, ambiri olembedwa kuti ndi a ometa. Koma dzina la pa chitsulo silinena amene anagwira ntchito. Lumo limodzi linkadutsa m'manja ambiri: wosula, wolimbitsa pa moto ndi madzi, wonola pa gudumu, woika chigwiriro, ndi womaliza kuthwa. Ambiri a iwo anali amisiri odziimira okha amene ankabwereka malo ndi gudumu, n'kumagwirira makampani angapo nthawi imodzi. Lumo la dzina lotchuka ndi la dzina losadziwika akhoza kukhala kuti ananoledwa ndi munthu mmodzi pa gudumu limodzi. Wogula wa lero amene amalipira ndalama zowirikiza chifukwa cha chidindo chokha ayenera kuikumbukira mfundoyi. Ngakhale ndevu zitakhala fasho ku Britain pambuyo pa nkhondo ya ku Crimea ya m'ma 1850, malonda sanafe, poti masaya ndi khosi zinkafunabe lumo, ndipo msika wa kunja unali waukulu.

Pali chotsutsa chimene sichiyenera kuzembedwa: amene amatamanda malumo akalewa amaiwala anthu amene anafera kukongola kwake. Wonola ankakhala atawerama pa gudumu lamwala tsiku lonse, akupuma fumbi la mchenga ndi chitsulo, ndipo mapapo ankauma. Friedrich Engels, m'buku lake la 1845 lonena za moyo wa antchito a ku England, anabwereza zimene dokotala wina wa ku Sheffield anapeza, zoti onola pa gudumu louma ankafa ali ndi zaka za m'ma 30, ndipo ambiri onola pa gudumu lonyowa sankapitirira 45. Gudumu likaphulika pa liwiro linkapha pomwepo. Zigwiriro nazo zili ndi mbiri yake. Zotchipa zinali za nyanga ya ng'ombe kapena fupa, koma zapamwamba zinali za chigoba cha kamba wa m'nyanja ndi minyanga ya njovu, ndipo Joseph Rodgers & Sons ankatchuka ndi mosungira mwawo modzaza minyanga. Yambiri mwa minyanga imene inkalowa ku England inkachokera ku Africa. Kum'mawa kwa Africa inkatulukira pa madoko monga Zanzibar, Kilwa ndi Chilumba cha Mozambique, ndipo ina inkachokera m'madera ozungulira nyanja ya Malawi, pa njira zomwezo zimene ankadutsitsa akapolo. Chotsutsachi n'choona, ndipo chimachotsa ulemerero wabodza umene ogulitsa ena amakutira katundu wawo. Sichifooketsa mfundo ya luso. Chimangoonetsa kuti lusolo linali ndi mtengo, ndipo amene ankaulipira sanali amene ankameta.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ufumu wa malumo unayamba kusamukira ku Solingen, tauni ya ku Germany ya m'mphepete mwa mtsinje wa Wupper, imene inatchuka ndi malupanga kuyambira kale. Malumo akale a Sheffield anali ochindikala, otsetsereka molunjika kuchokera pa msana mpaka kothwa, choncho ponola pankafunika kudya chitsulo chambiri. Amisiri a ku Solingen anakometsa njira yokumba mbali zonse ziwiri kuti chitsulo chipyapyale kwambiri pafupi ndi pothwa, ndipo kampani ya Carl Friedrich Ern inabwera ndi makina a magudumu awiri onola mbali zonse nthawi imodzi m'zaka za m'ma 1890. Lumo lotere ndi lopepuka, limalira likamadula ndevu, ndipo kulinola n'kosavuta chifukwa mwala umangokhudza kamzere kakang'ono. Apanso kupita patsogolo kunali kopeputsa ntchito ya mwini lumo. Mpikisano unali wowawa. A ku Sheffield anadandaula kuti katundu wa ku Germany akudindidwa dzina la tauni yawo, ndipo mu 1887 Britain inakhazikitsa lamulo loti katundu wakunja azilembedwa kochokera. America inachita chimodzimodzi ndi lamulo la msonkho la McKinley la 1890. Malamulo amenewa ndi amene lero amathandiza ogula kuyerekeza zaka: lumo lolembedwa Sheffield pokha, popanda mawu akuti England, nthawi zambiri ndi la 1891 isanafike. M'nyengo yomweyo Thiers ku France, kumene Thiers-Issard inayamba mu 1884, ndi Eskilstuna ku Sweden, kwawo kwa Heljestrand, anapeza mbali yawo ya msika, ndipo ku America kunabadwa makampani monga Torrey ndi Genco.

Ambiri amakhulupirira kuti lumo lopinda linagonja chifukwa linali loopsa, ndipo anthu atangoona lezala lotetezedwa anathamangira komweko. Umboni sukugwirizana nazo. Perret uja anali atapanga kale lumo lokhala ndi chotchinga chamtengo m'zaka za m'ma 1760. Abale a Kampfe a ku New York analandira chiphaso cha lumo lawo lotetezedwa la Star mu 1880, ndipo linagulidwa ndithu, koma silinagwetse lumo lopinda. Chifukwa chake n'chakuti mkati mwake munali kachidutswa ka chitsulo chosula kamene kankafunabe lamba ndi mwala. Amene anaona pamene panali vuto anali King Camp Gillette, wogulitsa katundu woyendayenda. Bwana wake, William Painter, amene anapanga zitsekerero za mabotolo, anamulangiza kuti apeze chinthu chimene munthu amagwiritsa ntchito n'kutaya, kenako n'kudzagulanso. Mu 1895 Gillette anaganiza za lezala lopyapyala, lodulidwa pa pepala lachitsulo, lonoledwa ku fakitale. Odziwa zitsulo ankati n'zosatheka, mpaka William Nickerson anapanga makina olimbitsa ndi kunola chitsulo chopyapyala chotere. Mu 1903 kampaniyo inagulitsa zogwirira 51 ndi malezala 168 okha, pa mtengo wokwera wa madola 5. Zotsatsa malonda zake zinkabwereza uthenga umodzi, woti palibenso za lamba kapena mwala. Gillette ankagulitsa mpumulo ku ntchito yonola.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse ndiyo inamaliza nkhaniyi. Chophimba kumaso choteteza ku utsi wapoizoni sichigwira bwino pa nkhope ya ndevu, ndipo m'ngalande zamatope munalibe malo okolekapo lamba. America italowa nkhondo, boma lake linagula kwa Gillette zogwirira pafupifupi 3.5 miliyoni ndi malezala oposa 30 miliyoni. Anyamata amene anaphunzira kumeta ku nkhondo anabwerera kwawo osadziwa kunola, ndipo analibe choti adzaphunzitse ana awo. Luso limene linkayenda kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana linaduka pa mbadwo umodzi. Zimene zinatsatira zinangokulitsa mpata: makina ometera amagetsi a Jacob Schick kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, lezala losachita dzimbiri la Wilkinson Sword mu 1962, ndi lezala lapulasitiki la Bic mu 1975, limene umataya lonse ndi chogwirira chomwe.

Ometa a m'mashopu ndiwo anatsala nalo lumo lopinda kwa zaka zina makumi angapo, mpaka matenda oyenda m'magazi anawalanda. Kuyambira zaka za m'ma 1980, HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C zinachititsa kuti chitsulo chimodzi chometera anthu ambiri chikhale choopsa, ndipo m'madera ambiri malamulo a zaumoyo anayamba kufuna lezala latsopano kwa kasitomala aliyense. Zimene ometa ambiri amagwira lero ndi chigwiriro chooneka ngati lumo lopinda, koma chovekedwa theka la lezala lotaya. Uthenga woletsa kubwerekana lezala, pometa kapena potema mphini, ndi womwe aliyense kwathu kuno anaumva pa wailesi. Pa mfundo iyi otsutsa ali ndi chilungamo chonse: lumo lopinda ndi la nkhope imodzi, ndipo malo ake mu babashopu anatha. Malumo osawerengeka anakathera m'madilowa a agogo, m'mabokosi a katundu wa omwalira ndi pa matebulo a misika ya Loweruka, ogulitsidwa pa mtengo wa chitsulo chotha ntchito.

Chimene chinadzawadzutsa ndi intaneti. eBay itayamba mu 1995, munthu wa ku Texas anatha kugula lumo la m'dilowa ya ku Yorkshire, koma kugula kokha sikukanakwana. Chofunika kwambiri chinali chakuti ometa okalamba ndi akatswiri ochepa amene anasunga luso anayamba kulionetsa pa mavidiyo, ndipo chimene bambo sanaphunzitse mwana chinaphunzitsidwa ndi mlendo wa kutsidya kwa nyanja. Kukwera mtengo kwa malezala a masiku ano a mizere itatu kapena isanu kunakankha ena, nkhawa ya zinyalala zapulasitiki inakoka ena, ndipo kanema wa James Bond wa 2012, Skyfall, mmene muli chithunzi chometa ndi lumo lopinda, anabweretsa ogula atsopano kwa ogulitsa. Ambiri mwa ogula a chidwi chakanthawi anasiya atangodzicheka kawiri. Otsalawo ndi amene anagula mwala.

Msika umenewu uli ndi malamulo ake, ndipo onse amachokera pa funso limodzi: kodi chitsulochi chinganoledwenso? Wogula wodziwa amayamba wayang'ana msana. Nthawi iliyonse lumo likagona pa mwala msana umadyeka pang'ono, choncho mzere wotambalala wonyezimira pa msana umanena kuti lumolo laona miyala yambiri, monga momwe mlimi amadziwira zaka za khasu poona kufupika kwake. Ngati kudyekako kuli kopendekera mbali imodzi, mwini wakale anali wosadziwa kunola, ndipo kukonza cholakwa chake kudzatha chitsulo china. Dzimbiri la pa msana limapalika, koma timaenje ta dzimbiri pafupi ndi pothwa timaboola chitsulo chopyapyalacho, ndipo wonola adzapeza chikunyenyeka. Kamng'alu ngakhale kakang'ono bwanji ndi imfa ya lumo. Kukula kwake amayeza m'magawo asanu ndi atatu a inchi: 5/8 ndi 6/8 ndiwo ofala ndiponso oyenera woyamba kumene, pamene 7/8 ndi 8/8 ndi osowa ndipo amakwera mtengo. Palinso vuto la zigwiriro za seluloidi, pulasitiki yoyambirira imene inalowa m'malo mwa minyanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ikakalamba nthawi zina imayamba kuola n'kumatulutsa mpweya wa asidi, umene umadya chitsulo chopindidwa mkati mwake, ngakhalenso malumo ena a m'bokosi lomwelo. Maina monga Filarmónica ya ku Spain, Dubl Duck imene inkapangidwira ku Solingen n'kugulitsidwa ku America, ndi Wade & Butcher yaikulu, amakoka ndalama zambiri. Koma Filarmónica yotha msana imagonja kwa lumo losatchuka la ku Solingen limene linagona m'bokosi lake osagwiritsidwa ntchito.

Ogulitsa nawo amagawanika. Ena amapukuta lumo pa makina mpaka liwale ngati kalilole, poti kuwala ndiko kumakoka diso pa chithunzi. Ena amati kuteroko n'kuwononga, ndipo ali ndi zifukwa ziwiri zomveka: makina amafufuta zolemba ndi zidindo zimene zimanena mbiri ya lumo, ndipo akatenthetsa chitsulo chopyapyala chimataya kulimba kumene chinapatsidwa pa moto zaka zana zapitazo, osadzasunganso kuthwa. Lumo lotere limaoneka latsopano koma ndi lakufa, ndipo wogula amadziwa atalipira kale. Mawu oti lumo ndi lokonzeka kumetera amalembedwa ndi aliyense, ngakhale amene sanagwirepo mwala, choncho ogula okhwima amafunsa kuti lanoledwa ndi ndani ndiponso pa miyala iti. Malamulo a minyanga nawo analowa pa msikawu. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa pansi pa pangano la CITES mu 1989, eBay inaletsa kugulitsa zinthu zaminyanga mu 2009, ndipo lamulo la Britain la 2018, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, linatseka pafupifupi malonda onse a zinthu zotere m'dzikolo. Chigwiriro chimene kale chinkakweza mtengo tsopano chimatsekereza malonda, ndipo ena amachichotsa n'kuika cha mtengo kapena cha nyanga ya ng'ombe.

Nanga kumeta kwenikweniko? Otsutsa amati n'kutaya nthawi, ndipo amene amathamangira basi m'mawa sangawatsutse. Ndevu zimafuna kufewetsedwa ndi madzi otentha ndi thovu, lumo limafuna lamba lisanakhudze nkhope, khungu liyenera kukokedwa ndi dzanja linalo, ndipo chitsulo chimayenda chitapendekeka pafupifupi madigiri 30, popanda kukanikiza, choyamba kutsata kumene ndevu zagonera. Woyamba kumene amayamba ndi masaya okha, chibwano ndi pansi pa mphuno n'kuzisiyira lezala mpaka dzanja lizolowere, ndipo zimatenga miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabala amene amachitika nthawi zambiri amakhala aang'ono, obwera chifukwa choyendetsa lumo cham'mbali kapena kukakamiza lumo lobuntha. Amene amati n'kupulumutsa ndalama akunena zoona pang'ono chabe: lumo limodzi, lamba mmodzi ndi mwala umodzi zingakwanire moyo wonse, koma ochepa ndi amene amaima pa limodzi. Chimene wometa wotere amapeza n'chakuti kuthwa kwa chipangizo chake kumadalira iye mwini, osati sitolo.

Ena amanena kuti chitsulo chakale chinali ndi chinsinsi chimene chinatayika. Izi n'zokokomeza. Chitsulo cha lero n'choyera kuposa cha Huntsman, ndipo makampani monga Dovo, imene inayamba ku Solingen mu 1906, Böker ndi Thiers-Issard akupangabe malumo abwino, pamodzi ndi amisiri odziimira okha ochepa. Chimene chinachepa ndi anthu odziwa kukumba chitsulo pa gudumu mpaka chipyapyale popanda kuchipsereza, ntchito imene imatenga zaka kuiphunzira. Ku Sheffield mafakitale a malumo anatsekedwa kalekale, ndipo Dovo yomwe inagwa m'mavuto a ngongole mu 2020 isanapeze eni atsopano. N'chifukwa chake lumo la 1910 limene linatuluka m'manja mwa wonola amene ankagwira ntchito yomweyo tsiku ndi tsiku moyo wake wonse limatha kupambana latsopano lodula kuposa ilo. Malumo akalewa sakuchuluka, ndipo kunola kulikonse kumachotsako chitsulo chosabwerera. Pa msika wa lero si zachilendo kupeza kuti lumo wamba la ku Solingen kapena ku America lagulidwa motchipa kuposa ndalama zimene katswiri adzalipiritse polinola.